March Madness ndi timatimu ta makoleji ang'onoang'ono: kuwina gemu imodzi, kenako timu yonse nkubalalika

Mwezi wa March ukangofika ku America anthu amapenga ndi basketball, osati ya NBA ayi, ya ana asukulu a m'makoleji, ndipo mpikisano wake anaupatsa dzina loti March Madness. Matimu 68 (chiwerengero cha 2025), chipulula chenicheni, ukaluza gemu imodzi basi longedza zikwama uzipita kwanu, kulibe zoti tikabwezera kwathu kapena zowerengera mapointi. Chomwe chimakokera anthu mamiliyoni pa TV, ngakhale aja oti chaka chonse saonera basketball, si kuona Duke kapena Kansas ikuwina, amenewo kuwina ndi ntchito yawo. Anthu amadikira tsiku lija kasukulu koti sanakamvepo nkomwe kagwetse chimphona chagada. Pa YouTube mumaona anyamata akukumbatirana, kochi akulira, koma zomwe zimachitika sabata yotsatirayo ndi zomwe sakuonetsani, ndipo kwa ine nkhani yeniyeni ili pamenepo.

Tiyambe ndi malowedwe. Gulu lapamwamba la masewera a m'makoleji, lomwe NCAA, bungwe loyendetsa masewerawa, limalitcha Division I, lili ndi masukulu opitilira 350, ogawidwa m'maligi opitilira 30 omwe kumeneko amati ma conference. Ligi iliyonse ikamaliza sizoni imachititsa kachikho kake, ndipo wotenga kachikhoko amalowa March Madness popanda womufunsa. Malo otsalawo, omwe mu 2025 anali 37, amagawa ndi komiti yomwe imakhala pansi nkulengeza Lamulungu lina lomwe amati Selection Sunday. Apa nde pali vuto, chifukwa malo a komitiwa pafupifupi onse amapita ku maligi a ndalama, SEC, Big Ten, Big 12, ACC ndi Big East. Mu 2025 SEC yokha inalowetsa matimu 14. Ligi yaing'ono imalowetsa timu imodzi basi, ija yatenga kachikho, ndiye ukhoza kuswa aliyense kuyambira November mpaka February koma tsiku limodzi mu March mpira wakukana, sizoni yonse yapita m'madzi.

Funsani a Indiana State. Mu 2024 anali pamwamba pa ligi yawo ya Missouri Valley, atawina magemu 28, akusewera mpira woti aliyense amaukamba, koma fainolo ya kachikho kawo analuza kwa Drake ndipo komiti inawasiya panja. Anakasewera mpikisano wachiwiri wa otsalira, NIT, anafika mpaka fainolo nkuluza kwa Seton Hall 79-77. Patangopita masiku kochi wawo Josh Schertz anasamukira ku Saint Louis, dolo wawo Robbie Avila nkumutsatira komweko, enanso nkumwazikana. Timu yabwino chonchija sinaponde nkomwe pa bwalo la March Madness.

Ukalowa, komiti imakupatsa nambala kuyambira 1 mpaka 16 m'zigawo zinayi, 1 ndiye shasha, 16 ndiye wongoperekeza, ndipo ndime yoyamba 1 amakumana ndi 16, 2 ndi 15, choncho. Mwachidule anakonza dala kuti wamng'ono ayambire pa chimphona, ngati momwe zimakhalira kwathu kuno katimu ka ligi ya m'chigawo kakagwera Bullets kapena Manoma mu FDH Cup. Kuchokera mu 1985 pomwe mpikisanowu unafika matimu 64, nambala 16 analuza kwa nambala 1 magemu 135 otsatizana. Princeton inatsala pang'ono mu 1989, inaluza kwa Georgetown 50-49, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankangokamba za imeneyo kuti nde malire ake amenewo.

Kenako pa 16 March 2018 kunabwera UMBC, University of Maryland, Baltimore County, sukulu yomwe ambiri ankaidziwa ndi chess osati basketball. Kuti alowe nkomwe zinatengera Jairus Lyles kuponya mpira wa mapointi atatu masekondi omaliza pa fainolo ya ligi yawo ndi Vermont. Analowa ngati nambala 16 nkukumana ndi Virginia, yomwe chaka chimenecho inali nambala wani m'dziko lonse, italuza magemu awiri okha. Popita kokapuma zinali 21-21, anthu nkumati aaa Virginia ikadzuka hafu yachiwiri. Sinadzuke. Inatha 74-54, kusiyana kwa mapointi 20, Lyles yekha 28. Sikunali kuba kwa sekondi yomaliza ayi, kunali kukwapula kwenikweni. Patapita masiku awiri UMBC inaluza kwa Kansas State 50-43 nkubwerera kwawo.

Nanga zimatheka bwanji? Choyamba ndi choti gemu ndi imodzi, mphindi 40 zokha. Mu NBA timu imayenera kukuwina kanayi kuti ikutulutse, ndiye wamphamvu pamapeto pake amaoneka ndithu, pomwe kuno usiku umodzi woipa wakwana. Chachiwiri ndi ma three aja, mipira yoponyera patali ya mapointi atatu. Timu yaifupi singalimbane ndi zimphona pansi pa basket, koma ikakhala ndi mnyamata mmodzi yemwe dzanja lamutentha tsiku limenelo, masamu onse amasokonekera. Mu 2024 Jack Gohlke wa Oakland, yemwe anali atangochoka ku Division II ndipo gemu ankayambira pa benchi, analowetsa ma three 10, mapointi 32, Kentucky nkutuluka 80-76. Stephen Curry wa NBA yemweyu dziko linamudziwira pomwepa mu 2008, ali ku Davidson, kasukulu ka ophunzira osakwana 2,000, anagwetsa Gonzaga, Georgetown ndi Wisconsin asanaluze kwa Kansas 59-57.

Koma chinthu chomwe kwa zaka zambiri chinali chida chenicheni cha timatimuti ndi kukhalitsa limodzi. Masukulu akuluakulu ngati Kentucky ankatenga ana azaka 18 aluso loopsa, koma oti angokhala chaka chimodzi nkupita ku NBA. Kasukulu kakang'ono kankakhala ndi anyamata azaka 22, 23, oti asewera limodzi zaka zinayi, aliyense akudziwa komwe mnzake athamangire asanayang'ane nkomwe. Ndiye pakhale presha, bwalo si la wina aliyense, ndipo anthu omwe anagula matikiti kudzaonera magemu ena akangoona kuti kamwanako kakutsogola onse amatembenuka nkuyamba kukachemerera, ana aluso aja miyendo imayamba kulemera chifukwa iwo akaluza ndi manyazi a dziko lonse pomwe anzawowo alibe chotaya. Mfundo ya kukhalitsa limodziyi muisunge, tibwereranso.

Ya Fairleigh Dickinson (FDU) mu 2023 nde inali yoseketsa kuposa zonse. Sizoni yapambuyo pake anali atawina magemu 4 okha nkuluza 22. Kachikho ka ligi yawo sanatenge nkomwe, analuza fainolo kwa Merrimack, koma Merrimack malamulo sankailola kulowa chifukwa inali ikadali pa zaka zodikira itachoka ku Division II, ndiye malo anangogwera FDU. Inali timu yaifupi kuposa onse mu Division I, ndipo pokhala nambala 16 anaipatsa Purdue, nambala 1, yomwe inali ndi Zach Edey, chimunthu cha mamita 2.24 chomwe chinasankhidwa kukhala wosewera wabwino kuposa onse chaka chimenecho. Kochi Tobin Anderson anajambulidwa akuuza anyamata ake kuti akamaionera Purdue akuona kuti akhoza kuiwina, anthu nkumuseka kuti bambowa adya chani. Inatha 63-58. Anamuzungulira Edey ngati njuchi nkuwasiya enawo kuti aziponya patali, enawo manja akunjenjemera nkumaphonya. Lachisanu limenelo FDU inali pakamwa pa aliyense, Lamulungu inaluza kwa Florida Atlantic 78-70, pofika Lachiwiri Anderson anali atasaina kale ku Iona.

Ndipo izi si za FDU yokha. Saint Peter's, kasukulu ka Akatolika ku Jersey City, mu 2022 inalowa ngati nambala 15, nkugwetsa Kentucky 85-79 mu nthawi yowonjezera, kenako Murray State, kenako Purdue yomweyo 67-64, kukhala nambala 15 woyamba m'mbiri kufika ndime ya matimu 8 omaliza. Malipiro a pachaka a kochi wa Kentucky nthawi imeneyo, John Calipari, anali opitilira $8 miliyoni, kuposa kangapo bajeti yonse ya timu ya Saint Peter's. North Carolina inawaimitsa 69-49, ndipo sabata isanathe kochi Shaheen Holloway anali ku Seton Hall, sukulu yomwe iye anaphunzira, Seton Hall yomweyo inadzaliza Indiana State mu 2024 ija. Osewera nawonso anabalalika, Doug Edert wa ndevu zapamlomo anapita ku Bryant, Daryl Banks III ku St. Bonaventure, KC Ndefo anatsatira kochi wake. Sizoni yotsatira Saint Peter's inaluza magemu ambiri kuposa omwe inawina, ndi anyamata atsopano oti masapota samawadziwa mayina.

Taonani tsono mbali inayo. Virginia itachititsidwa manyazi mu 2018, chaka chotsatira inatenga chikho chonse. Purdue italira mu 2023, mu 2024 inafika fainolo, Edey akadalipo. Chimphona chikagwa chimadzuka, kusasa fumbi, chifukwa ndalama zilipo, kochi alipo, osewera atsala. Wamng'ono akawina nde amasasuka, chifukwa kuwina kuja kwasanduka chionetsero cha malonda, aliyense wa ndalama waona kuti kochi uyu ndi wanzeru, mnyamata uyu amatha. Mwinanso yopweteka kwambiri ndi ya Ryan Odom, kochi wa UMBC uja. Anachoka mu 2021 kupita ku Utah State, kenako VCU, ndipo mu March 2025 analembedwa ntchito ndi Virginia, yomwe ija anaikwapula.

Za makochi kuthawa si zachilendo, Andy Enfield atafikitsa Florida Gulf Coast mu ndime ya matimu 16 mu 2013 nayenso masiku ochepa anali ku USC. Chomwe chasintha ndi osewera. Kale mnyamata akafuna kusintha sukulu ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera, ndiye ambiri ankangopirira pomwe ali. Mu 2018 NCAA inakhazikitsa transfer portal, kaundula wa pa intaneti momwe wosewera amangolemba dzina kuti ndikufuna kuchoka, masukulu nkuyamba kumuimbira. Mu April 2021 lamulo lokhala chaka lija analichotsa kwa wosamuka koyamba, ndipo pofika 2024 ngakhale kusamuka kachiwiri kachitatu kunaloledwa. Pa 1 July 2021 kunabweranso NIL, chilolezo choti wosewera azipanga ndalama ndi dzina lake ndi nkhope yake, zomwe pa pepala ndi zotsatsa malonda koma kunena zoona zinasanduka malipiro, anthu olemera okonda sukulu yawo amasonkha ndalama nkugula osewera. Mu June 2025 khoti linavomereza mgwirizano pa mlandu wa House v. NCAA, womwe ukulola sukulu kulipira yokha osewera ake mpaka pafupifupi $20.5 miliyoni m'chaka choyamba pa masewera onse. Kasukulu ngati FDU ndalama zimenezo kazitenga kuti?

Chida chija cha kukhalitsa limodzi nde chinathera pamenepa. Mnyamata akangowala chaka chimodzi kapena ziwiri ku ligi yaing'ono amatengedwa, ndipo masukulu akuluakulu, m'malo modalira ana azaka 18 okhaokha, pano akudzaza matimu awo ndi akuluakulu azaka 22 ophunzitsidwa kale ndi anzawo osauka. Onani mpikisano wa 2025. Palibe nambala 13, 14, 15 kapena 16 yemwe anawina ndime yoyamba. Matimu 16 otsala onse anachokera m'maligi anayi okha, SEC 7, Big Ten 4, Big 12 4, ACC imodzi. Mu semifainolo munalowa ma nambala 1 onse anayi, Florida, Houston, Duke ndi Auburn, zomwe zinali zitachitikapo kamodzi kokha mu 2008. Koma muone mayina a omwe ankanyamula matimuwo. Walter Clayton Jr., yemwe anatengera Florida chikho nkusankhidwa wosewera wabwino wa ndime yomaliza, anachokera ku Iona. Mnzake Alijah Martin anachokera ku Florida Atlantic ija inafika semifainolo mu 2023, Will Richard ku Belmont. Johni Broome wa Auburn anayambira ku Morehead State. Anyamata a timatimu tija anafika ndithu pamwamba, kungoti atavala ma jezi a eni ndalama.

Chaka chimodzi sichikwana kugamula kuti zodabwitsa zatha, gemu ya mphindi 40 ikadali ya mphindi 40 ndipo dzanja likhozabe kutentha. Komanso ine anyamatawa sindiwada. Zaka zonsezi kochi ankatha kusiya timu lero mawa nkukalandira mamiliyoni kwina, TV ikupanga mabiliyoni, pomwe mnyamata wotuluka thukutayo ankangopatsidwa sikolashipi ndi chakudya, akalandira ngakhale kamphatso nkulangidwa. Ambiri mwa iwo ku NBA sakafikako, ndiye ngati wina akumupatsa madola masauzande mazanamazana chaka chake chomaliza, ndani angamuuze kuti khala chifukwa cha chikondi cha sukulu? Kungoti mtengo wa chilungamo chimenechi akulipira ndi masukulu omwe analibe kale kanthu.

Mwina wina afunsa kuti kodi kuwina kuja sikubweretsa ndalama ku sukulu? Kumabweretsa, koma osati momwe mukuganizira. NCAA ndalama zake zambiri zimachokera ku kontrakiti ya TV ya mpikisano womwewu, mu 2010 CBS ndi Turner anasaina $10.8 biliyoni ya zaka 14, mu 2016 nkuwonjezera $8.8 biliyoni kufikitsa 2032. Pofika 2025 gemu iliyonse yomwe timu yasewera, kupatula fainolo, inkawerengedwa ngati gawo limodzi lomwe amati unit, ndipo unit imodzi ndi pafupifupi $2 miliyoni, koma yolipidwa pang'onopang'ono kwa zaka 6, komanso sipita ku sukulu, imapita ku ligi kuti igawe. Ndiye magemu anayi a Saint Peter's aja anabweretsa pafupifupi $8 miliyoni ku ligi ya MAAC, yogawana ndi masukulu ena 10 omwe anangoonera pa TV. Pomwe SEC ndi matimu ake 14 imakolola ma unit ambirimbiri chaka chimodzi, nkukagula nazo mphamvu zobwereranso chaka chamawa. Phindu lina ndi dzina, ana ambiri amafunsira malo pa sukulupo, ma T-shirt amagulidwa, koma zimenezi zimazilala pakapita zaka zingapo.

Ndalama yodalirika ya timatimuti imachokera kwina kochititsa chisoni. Mu November ndi December masukulu akuluakulu amalipira ang'onoang'ono kuti abwere kudzasewera pa bwalo lawo, kunena mosabisa kudzakwapulidwa, cheke cha madola masauzande makumimakumi pa gemu, ndipo ndalama imeneyo imathandiza kuyendetsa masewera ena pa sukulupo. Texas Southern mu sizoni ya 2017-18 inayamba ndi magemu 13 onse koyenda, onse nkuluza, anyamata akungokhalira ndege ndi mahotela, kenako inatenga kachikho ka ligi yawo nkukawina gemu ku Dayton, komwe matimu 8 ankayamba apululana kuti atsale 64. Ndipo komiti ikamasankha imayang'ana kuti wawina ndani wamphamvu, koma wamphamvuyo sangalole kubwera kwanu, ndipo ukakhala katimu koopsa safunanso kukuitana nkomwe, ndiye umalangidwa chifukwa chosawina magemu omwe anakukaniza kusewera.

Alipo omwe anathawa mu dzenjeli, koma onani mathawidwe ake. Gonzaga ya ku Spokane inadabwitsa anthu mu 1999 pofika ndime ya matimu 8, kochi wake nthawi yomweyo anapita ku Minnesota, koma womuthandizira Mark Few anatenga mpando nkukana kuchoka zaka zonsezi, sukulu inathira ndalama, kumanga bwalo latsopano, mpaka kufika fainolo mu 2017 ndi 2021. Butler inafika fainolo kawiri motsatizana, mu 2010 inaluza kwa Duke 61-59 mpira wa Gordon Hayward wochokera pakati pa bwalo utagunda chitsulo nkutuluka, mu 2011 nkuluza kwa UConn, ndipo pofika 2013 inali italowa Big East, kochi Brad Stevens atapita ku Boston Celtics. Onse awiriwa anapulumuka posiya kukhala ang'onoang'ono. George Mason mu 2006, VCU mu 2011 ndi Loyola Chicago mu 2018 anafika semifainolo ali nambala 11, onse anathera pomwepo, ndipo mpaka 2025 nambala yotsikitsitsa kutenga chikho inali ikadali 8, Villanova mu 1985, yomwenso inali ya Big East.

Kumunsi kwenikweni nde kuli ena omwe akungotula pansi. Hartford inalowa March Madness koyamba m'mbiri yake mu March 2021, inaluza kwa Baylor yomwe inadzatenga chikho, anyamata anabwerera kwawo ngati ngwazi, ndipo mu May chaka chomwecho akuluakulu a sukulu anavota kuti atsikire ku Division III, komwe kulibe sikolashipi ya masewera. St. Francis ya ku Brooklyn mu 2023 inangotseka masewera onse. Saint Francis ina, ya ku Loretto ku Pennsylvania, mu 2025 inalowa koyamba chichokereni 1991, inaluza ku Dayton kwa Alabama State 70-68 pa mpira wa sekondi yomaliza, ndipo patangotha sabata imodzi sukulu inalengeza kuti kuyambira 2026 ikupita ku Division III, ikutchula transfer portal, zolipira osewera ndi maulendo ataliatali omwe ana amajomba nawo m'kalasi.